Mitengo Imene Ndinadzalitsa M'munda mwa Amayi

Ine ndinalanditsa munda wa mlongo wanga. Palibe amene anasuntha malire mobisa, palibenso munthu wa ndalama amene anabwera ndi mapepala a boma. Ndinaupereka ndekha ndi pakamwa pangapa, ndili kuno ku Pretoria, ndipo pamene ndinkachita zimenezo ndinkadziona ngati wotsogola kuposa onse a m'mudzi mwathu. Inu owerenga, makamaka inu amene muli kuno ku Joni koma kamunda munakasiya kumudzi m'manja mwa ena, ndikupemphani mundimvetsere mpaka kumapeto. Dzina langa silikuthandizani kanthu, koma nkhaniyi mwina ikuthandizani.

Kwathu ndi ku Thyolo. Amene anafikako akudziwa mmene kulili. Ukaima pakhomo pathu umaona tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, koma tiyi yenseyo ndi wa esiteti. Ife eni mudzi tinapanikizana m'mitsetse ndi m'mbali mwa zigwa, kumene munthu akatambasula khasu kwambiri amagwaza mzere wa mnzake. Munda wa amayi anga sunkakwana ngakhale ekala, ndipo unali pamalo otsetsereka, koma tinakulira womwewo: chimanga ndi nandolo pakati, chinangwa m'malire, mbatata kumunsi. Amayi anaulandira kwa amayi awo, ndipo mwa mwambo wathu unayenera kupita kwa mwana wamkazi. Tinabadwa awiri okha, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Felesiya. Choncho munda unali wa Felesiya. Ine ndinali mwinimbumba chabe, ntchito yanga inali youyang'anira kuti iye ndi ana ake adzapeze podyera.

Mwamuna kwathu sakhala ndi munda wakewake, amakadya wa kuchikamwini. Chikamwinicho ndinakachiyesa, koma ndinapeza apongozi atagawira kale ana awo aakazi anayi kamunda kamodzi, aliyense timizere take towerengeka. Banja la njala silichedwa kutha, ndipo langa linatha. Ndinatcholako tiyi, ndinawotchako njerwa za eni, mapeto ake ndinatsatira anzanga ku Joni.

Ndinafikira ku Winterveld, kumene ndili mpaka lero. Ndimachita lendi mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, kuseri kwa nyumba ya agogo ena eni puloti, amene tonse timangowatchula kuti Mastandi. Ntchito ndinakaipeza kutali, ku Faerie Glen, ya m'gadeni kwa mzungu wina, mayi wachikulire wokhala yekha. Madamu amenewa mitengo amaikonda ngati ana awo. Anandiphunzitsa kudulira, kumezanitsa, kupanga manyowa a masamba, ndi kuona dothi n'kudziwa chimene likusowa. Sindinama, ntchito ndinaidziwa, moti anzawo a madamu ankandibwereka Loweruka kuti ndikawaonere mitengo yawo yodwala. Pamenepo m'pamene mutu unayamba kundikulira.

Chaka changa choyamba ku Winterveld ndinadya peyala, ndipo nthanga yake ndinaikwirira pafupi ndi khomo la mkhukhu kuti ndizikumbukira kwathu. Inamera bwino. Kamtengo katafika m'bondo, ndinabwera tsiku lina kuchokera kuntchito n'kupeza Mastandi atakazula, atakaika m'chitini cha penti pamodzi ndi dothi lake, n'kukaimika pakhomo panga. Ndinapita kukawafunsa mtima uli m'mwamba. Iwo sanakweze mawu.

"Aowa, ayi, mwana wanga," anatero. "Sipinachi dzala, anyezi dzala, chimanga dzala. Koma mtengo ayi. Mtengo amadzala mwini malo."

Anandiuza kuti kale, amuna awo ali moyo, anthu ena amene ankachita lendi papulotipo anadzala mapichesi, ndipo mitengoyo itakula anayamba kunena kuti mbali imeneyo ndi yawo. Ine sindinafune kumva zambiri. Ndinakauza anzanga kuti agogo aja ndi ouma mtima, munthu wamkulu kuchita mantha ndi kamtengo kofika m'bondo. Tinaseka. Chitinicho ndinachisiya pakhomo pomwepo, n'kumachithirira madzi otsukira mbale.

Patapita zaka zingapo amayi anamwalira. Kumaliro sindinapite, chifukwa mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka kubwerera kukanavuta. Nthawi imeneyo Felesiya anali atakwatiwa ku Chikwawa, kumene amalowola ndipo mkazi amakakhala kwa mwamuna. Munda unatsala wopanda woulima. Amene mukudziwa za kwathu mukudziwa kuti munda sugonera chaka osalimidwa, maso a anthu onse amakhala pomwepo.

Oyamba kupempha anali amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi, amene munda wawo unachita malire ndi wathu. Ndinakana. Ndinkakumbukira mmene ankakanganirana ndi amayi chaka ndi chaka chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire, ndipo ndinadziuza kuti m'bale akalowa m'munda satulukamo. Ndinafuna mlendo, munthu amene sangadzanene kuti dothi limeneli ndi la agogo ake. Ndinasankha bambo ena amene pano ndiwatchule kuti a Makwinja, ngakhale si dzina lawo. Anali mkulu wa mpingo wathu, munthu wofatsa, amene anabwera m'dera lathu ali mnyamata kudzagwira ntchito ku esiteti. Ntchito itatha anawatulutsa m'nyumba ya kampani, ndipo anatsala ndi ana ambiri opanda polima. Amayi akudwala, ndi iwo amene ankawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala. Felesiya ndinamufunsa pafoni ndipo anavomera.

Nkhaniyo inakakambidwa kwa amfumu monga mwa dongosolo. Anagwirizana kuti a Makwinja akubwereka chabe, azilima mbewu za chaka, ndipo akakolola azitula dengu limodzi la chimanga kwa amayi aang'ono. Dengu limenelo silinali malipiro. Linali chizindikiro, kuti mudzi wonse uziona chaka chilichonse kuti mundawo uli ndi eni ake. Zaka ziwiri zoyamba dengu linapita. Chaka chachitatu ndinamva kuti amayi aang'ono akudandaula kuti dengulo lachepa, ndipo ine ndi ukali wanga ndinaimbira a Makwinja n'kuwauza kuti aleke. Ndinati munthu wa ana ambiri asamadyetse anthu osayamika. Ndinkaona ngati ndachita chifundo, ndipo mumtima ndinakondwa kuti amayi aang'ono ndawakhaulitsa.

Kenako kunabwera chaka cha mvula yoopsa. Madzi ochokera kumtunda anang'amba munda wathu pakati n'kusiya chigwembe choti munthu akalowamo amabisika mpaka m'chiuno. Mwana wa a Makwinja ananditumizira zithunzi pafoni. Nditaziona mtima unandiwawa, chifukwa ndinazindikira pamene amayi ankakonda kupumira, pali dzenje. Ndinawaonetsa madamu zithunzizo, ndipo iwo anati nthaka yotsetsereka imafuna mizu yoigwira, udzu wolimba ndi mitengo yachilengedwe. Ananena zoona. Koma ine ndinaonjezera zanga. Ndinati mitengo yachilengedwe imachedwa, bola bulugamu, amene amakula msanga ndipo mbande zake sizisowa kwathu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti madamu sangalole bulugamu pabwalo pawo chifukwa amamwa madzi kwambiri, komabe ndinati kumudzi n'kwina.

Inu owerenga, apa ndiye mumvetsetse, chifukwa sindikufuna kunamizira munthu. A Makwinja sanapemphe kudzala mitengo. Nditawauza za mitengoyo pafoni, anandifunsa:

"Achimwene, kodi munda wobwereka timadzalamo mitengo?"

Ine ndinaseka. Ndinawauza kuti zimenezo n'zachikale, n'zimene zikutisaukitsa Amalawi, nthaka ikupita kunyanja ife tili kakaka ndi miyambo. Ndinawafotokozera mmene angadzalire, mizere yopingasa mtsetse, chimanga pakati pake, ngati mmene ndinaonera m'mabuku a madamu. Mbande ndinawagulira ndine. Felesiya, mwini munda, sindinamufunse n'komwe. Ndinati mkazi ali ku Chikwawa angadziwe chiyani za kukokoloka kwa nthaka.

Sabata isanathe amayi aang'ono anabwereka foni n'kundiimbira. Anati, "Mwana wa akulu anga, dengu unaletsa, sindinayankhule. Koma izi za mitengozi, ukumupatsa munda munthu uja." Ndinawayankha mwachipongwe. Ndinati nsanje yawakulira chifukwa munda sindinawapatse iwo, n'kudula foni. Tsiku lomwelo pochokera kuntchito ndinadutsa pafupi ndi peyala wanga wa m'chitini, ndinamuthirira madzi, koma mawu a Mastandi aja sanandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wake ndinali ine.

Mitengo inagwira. Chigwembe chinasiya kukula. Chaka chilichonse a Makwinja ankaonjezera mzere wina n'kunditumizira chithunzi, ine n'kumawayamikira. Zithunzizo ndinkaonetsa madamu ndi anzanga a kutchalitchi, kuwauza kuti onani zimene ndikuchita kwathu, ndasandutsa mtsetse kukhala nkhalango. Mitengo itakula, chimanga cha pakati pa mizere chinayamba kukana chifukwa cha mthunzi, ndipo a Makwinja anaona kuti mapolo ndi nkhuni zikuwadyetsa bwino kuposa chimanga cha panthaka yotopa. Owotcha njerwa ankabwera okha kudzagula. Anadzala bulugamu paliponse, kupatula kangodya kakang'ono kumunsi, m'mbali mwa njira. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinkavomereza.

Ndiye amuna ake a Felesiya anadwala n'kumwalira. Maliro atatha, abale a mwamuna anayamba kumuonetsa nkhope zina. Munda umene ankalima ndi mwamuna wake anautenga achimwene a malemu, ndipo anamuuza kuti ngati akufuna kukhala, akhale, koma polima palibe. Felesiya si munthu wolimbana ndi anthu. Anamanga katundu wake, n'kutenga ana ake atatu, n'kubwerera ku Thyolo. Pafoni anandiuza kuti sakudandaula kwambiri, poti kwawo ali ndi munda wa amayi ake. Ine ndinamulimbitsa mtima, ndinati a Makwinja ndi munthu wa Mulungu, sangavute.

Felesiya anandifotokozera pambuyo pake kuti atafika pamundapo anapitirira, osauzindikira. Anabwerera m'mbuyo, n'kuima panjira, kuyang'ana mitengo italiitali yoposa tchalitchi chathu, pansi pake masamba ouma okhaokha, popanda ngakhale chisoso. Atapita kwa a Makwinja, anamulandira bwino, anamupepesa maliro, anamuphikira tiyi. Koma atatchula za munda, bamboyo anaweramitsa mutu n'kunena kuti nkhani imeneyo ikakambidwe kwa amfumu.

Mlandu unakambidwa mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu anthu amakhala ali kalikiliki kukonza mizere, ndipo kuno misewu imakhala itafiirira ndi maluwa a jakaranda. Ine ndinali pantchito, ndikusesa maluwa omwewo pageti la madamu. Mwana wa amayi aang'ono anaika foni yake pampando pakati pa bwalo kuti onse azindimva. Amfumu athu ndi mayi, anzawo a malemu amayi anga a paubwana, ndipo anandiyankhula mofatsa ngati mwana wawo.

"Mwanawe, tikufunse pang'ono chabe. Mitengo ili m'mundamu, a Makwinja anadzala mwakuba, kapena unawauza ndiwe?"

Ndikuuzeni zoona, bodza linafika pakamwa. Ndinali kutali, palibe akanandiona nkhope. Koma ndinadziwa kuti amayi aang'ono ali pomwepo, a Makwinja ali pomwepo, ndipo theka la mudzi linamvapo ine ndikudzitama ndi nkhalango yanga. Ndinati ndinawauza ndine. Amfumu anafunsanso ngati dengu lija analeka okha. Ndinati ndinawaletsa ndine. Kenako ndinamva amfumu akupuma mozama n'kunena kuti, "Mwanawe, watimanga manja."

Chigamulo chinali chakuti dothi ndi la Felesiya, palibe angatsutse, koma mitengo ndi ya a Makwinja, chifukwa anaidzala ndi chilolezo cha mwinimbumba ndipo anaisamalira ndi thukuta lawo. Munthu sathamangitsidwa kusiya mitengo yake. Anati a Makwinja adzatuluke akadzamaliza kudula mitengo yawo, ndipo padakali pano Felesiya alime pamene palibe mitengo. Anthu ena pabwalopo anaona ngati mlandu watha bwino, ena anaombera ndi m'manja. Ine ndinakhala pansi pamphepete pa msewu, tsache lili m'manja, chifukwa mwa onse amene anamva chigamulocho, amene ankaudziwa bwino mtengo umenewu ndinali ine.

Bulugamu satha. Ukamudula, chitsa chimaphukira nthambi zingapo, ndipo pakapita zaka zochepa zimakhala mapolo ena. A Makwinja amadula mzere umodzi pachaka. Pamene akufika kumzere womaliza, woyamba uja wakulanso. Tsiku lomaliza kudula silidzafika, ngakhale kwa zidzukulu zawo. Ndipo ngakhale atati lero achoke, kuzula zitsa zimenezo si ntchito ya mayi wamasiye ndi khasu, ndiponso dothi la pansi pake lauma gwa. Kangodya kamene anapatsidwa Felesiya kali mumthunzi kuyambira masana, mizu ya mitengo inalowerera pansi pake. Chaka choyamba anadzala chimanga, chinafika m'chiuno n'kuchita chikasu. Zimene anakolola sizinafike ndi mwezi wa Juni womwe.

Ndinawaimbira a Makwinja nditakwiya, nditakonzeka kuwatchula mayina onse oipa amene ndimawadziwa. Anandisiya ndiyankhule mpaka nditatopa. Kenako anati:

"Achimwene, ine ndinakufunsani, inu munandiseka. Lero ana anga akudya mitengo imeneyi. Ndikaisiya ndipite nawo kuti? Ku esiteti anandichotsa. Kwathu ndinachokako ndili mnyamata, kulibe amene angandigawire ngakhale pomanga chimbudzi."

Ndakhala ndikuganiza za mawu amenewa m'matakisi, popita ndi pobwera, ndipo mpaka lero sindinapeze pamene ndingawatchule kuti wakuba. Ndikanakhala ine, ana ali pakhomo, nanenso ndikanadula mzere umodzi pachaka. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu awiri osauka, mayi wamasiye ndi nkhalamba yopanda kwawo, akuyang'anizana chifukwa cha kamtsetse kosakwana ekala, pamene kutsidya kwa njira yomweyo kuli dothi loti ungayende tsiku lonse osalimaliza, lobiriwira, la eni ake amene sitinawaonepo. Kusowa malo kumadanitsa anthu amene akanakhala paubale. Koma zimenezo sizindichotsera mlandu wanga. Malo anali ochepa kale ine ndisanabadwe, n'chifukwa chake makolo anaika malamulo a dengu ndi mitengo, kuti kochepako kasatayike. Ine ndinawachotsa onse awiri.

Felesiya anafikira m'khitchini mwa amayi aang'ono, omwe aja ndinkawanena nsanje. Ndi iwo amene anamulandira ndi ana ake, n'kumupatsa kamalo kuseri kwa nyumba yawo kuti amange kake. Masiku ano amadalira ganyu. Nthawi ya dzinja amapalira m'minda ya eni, tiyi akachuluka amakatchola ku esiteti, ntchito ikatha amakhala. Ndimatumiza zimene ndingathe, koma wantchito wa m'gadeni amatumiza zoti anthu adye mwezi umenewo, osati zogulira munda, ndipo kwathu ngakhale ukhale nazo, wogulitsa munda umusowa. Mwana wake woyamba, mtsikana amene mundawo ukanadzakhala wake, wayamba kale kundifunsa ngati kuno ntchito za m'nyumba zikupezeka. Ndimamuuza kuti alimbikire sukulu, koma ndikamanena mawu anga amandichititsa manyazi.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti Felesiya sananditukwanepo. Ndinkafuna atandikalipira, mwina mtima ukanapepuka. Iye amangoti, "Zinachitika, achimwene." Koma tsiku lina Lamulungu masana, nditangobwera kutchalitchi, anandiimbira kundiuza kuti kanyumba kake katha. Ndinakondwa, ndinamufunsa kuti mitengo ya denga anaipeza kuti, poti ndinali ndisanatumize kanthu mwezi umenewo.

"Anatipatsa a Makwinja," anatero. "Ulere. Anachita kusankha yowongoka bwino, ana awo anatinyamulira mpaka pakhomo."

Ndinati achita bwino. Iye anapitiriza.

"Ndinapita kukathokoza, achimwene. Ndinawapeza ali kumunda. Ndinagwada m'munda mwa amayi momwemo, pafupi ndi pamene ankapumira paja, n'kuthokoza."

Sanalire. Anangofunsa ngati kuno kukuzizira. Ndinalowa mumkhukhu n'kutseka chitseko, ndipo ndinalira ngati mmene ndikanalirira pamaliro a amayi ndikanapitako.

Inu owerenga, madzi akatayika sawoleka, anga anatayika. Koma inu amene munda wanu udakalipo, ndikupemphani. Ngati mwabwereketsa munda, musalole munthu adzalemo mtengo, ngakhale akhale mkulu wa mpingo, ngakhale akhale amene ananyamula mayi anu panjinga. Si kuti anthuwo ndi oipa. Njala ndi imene idzawaumitse mtima, ndipo mudzakhala mutawapatsa ndinu chogwirira. Ngati nthaka ikukokoloka ndipo mitengo ikufunikadi, akadzale m'bale wanu ndi manja ake, mudzi ukuona, amfumu akudziwa kuti mitengoyo ndi ya eni munda. Kadengu kaja musakapeputse. Kangaoneke kachabechabe mukakhala kuno kumene ufa timagula m'shopu, koma kumudzi ndi kamene kamayankhula inu kulibe.

Ndipo inu amuna anzanga amene mumatchedwa eni mbumba, kumbukirani kuti munda si wanu. Munangopatsidwa kuti musunge. Musagamule kanthu osamufunsa mlongo wanu, ngakhale akhale kutali, ngakhale mukuona ngati banja lake lakhazikika ndipo sadzabwerera. Mkazi wokwatiwa kwa eni, kwawo kumakhala kumunda kwa mayi ake, ndipo tsiku limene adzaufune silidziwika. Wachibale amene munakangana naye akakuchenjezani, mverani chenjezolo kaye, mkanganowo mudzaupitiriza bwino pambuyo. Nzeru zimene timaphunzira kuno ku Joni n'zabwino, ine zimandidyetsa mpaka lero. Koma kwa madamu mtengo ndi mthunzi ndi maluwa, chifukwa malo awo ali ndi mpanda ndi mapepala. Kwathu kulibe mpanda, mtengo ndiye umanena mwini malo. Agogo a ku Winterveld, amene sanaponde ku Malawi, ankazidziwa zimenezi. Ine wobadwira konko ndinaziiwala.

Nkhani yonseyi ndinawafotokozera Mastandi tsiku lina titakhala pakhonde pawo. Akalamba kwambiri tsopano, maso sakuona bwino. Sananene kuti ndinakuuza. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Eish, mwana wanga," kenako anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Peyala uja akadalipo. Chitini cha penti chinachepa kalekale, ndinamusamutsira m'theka la diramu. Pa zaka zonsezi wangofika m'phewa mwanga, ndipo sanaberekepo. Kale ndinkati ndikadzapita kumudzi ndidzadula kanthambi kake n'kukamezanitsa m'munda mwa amayi, pamene ankapumira paja. Pano sindinenanso zimenezo. Mizu yake imatulukira m'mabowo a pansi pa diramu kufunafuna dothi, ndipo Mastandi anandipempha kuti ndisamailole igwire. Choncho Loweruka lililonse ndikaweruka, ndimagwira diramulo ndi manja awiri, n'kuligwedeza mpaka timizu tija titaduka, n'kulisunthira pambali pang'ono.